Dzanja Lamanzere la Anyamoyo

Dothi la pachulu likangonyowa ndi madzi a m'mawa, fungo lake limandibweza ku Mzimba Boma, kumapeto kwa nyumba za boma kumene tinkakhala, ndipo ndimawaona Anyamoyo atamanga chitenje pamwamba pa buluku la masewero, akukankha mgolo wodzaza madzi kuchoka kumapeto ena a bwalo kukafika kumapeto ena. Inkakhala nyengo yozizira, utsi wa zidutswa za paini zochokera ku Chikangawa ukuyenda chapansipansi pakati pa makhitchini, njinga zonyamula makala zikulira pamsewu wa kumsika, ndipo pansi pa zonsezo pankamveka kugudubuzika kwa mgolo uja, gudu gudu gudu. Dzuwa likatuluka pankabwera phokoso lina limene m'tauni monse munalibe wina wolipanga: pho, pho, pho, kampira kobiriwira kakumenya khoma la nyumba yawo n'kubwerera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Zinali zaka zoyambirira za matipate, sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ndipo m'kalasi mwathu tinkathinana ngati chimanga m'nkhokwe. Bambo anga, a Mbewe, anali kalaliki ku ofesi ya zankhalango. Kwathu ndi ku Dedza, choncho ku Mzimba tinali alendo olankhula Chichewa pakati pa Atumbuka. Nyumba ya Anyamoyo inali yawoyawo, ya njerwa zootcha, yoyamba pamene mzere wa nyumba za boma unkathera, ndipo pakati pa ife ndi iwo panali mpanda wa nkhadze wokhala ndi mpata umene mbuzi zinaboola.

Zimene ndikudziwa za moyo wawo ndizisanja monga mmene utolankhani unandiphunzitsira: zimene anandiuza okha, ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Anabadwira kumudzi kufupi ndi Embangweni. Ali wamng'ono, bambo awo anapita kumigodi ku Zambia, monga ankachitira amuna ambiri a ku Mzimba, ndipo ntchito imene anaipeza ku Kitwe siinali ya pansi pa nthaka ayi, inali yosamalira mabwalo a tenisi pa kalabu ya azungu a pamgodi. Mwana wawo wamkaziyo, amene anapita naye, ankatola mipira. Masana dzuwa likaswa mtengo, azungu atapita kukagona, iye ankatenga raketi yosweka imene wina anaitaya n'kumamenya mpira kukhoma. Dziko la Zambia litalandira ufulu, zipata za kalabu zinatseguka, ndipo mtsikana wotola mipira uja analowa ngati wosewera. Anasewera mipikisano ya ndalama ku Ndola ndi ku Lusaka, anafika ku Nairobi ndi ku Lagos, ndipo kamodzi anakwera ndege mpaka ku Mangalande, kumene anasewera pa udzu n'kugonja tsiku loyamba lomwe.

"Udzu uja unali woterera ngati therere," ankatero akuseka. "Mpira ukangogunda pansi, mbwenu wadutsa. Ndinabwerako ndi jekete yokha."

Bondo lakumanja litayamba kuvuta anasiya mipikisano n'kuyamba kuphunzitsa ana a pamgodi. Amuna awo atamwalira, anabwerera kwawo. Nditakula ndinafufuza m'nyuzipepala zakale ndipo sindinapezemo zambiri za iwo. Sanali katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo iwo sananenepo kuti anali. Chimene ankanena n'choti anadya za tenisi moyo wawo wonse, ndipo nyumba ija inali umboni.

Bwalo analipanga okha kuseri kwa nyumba, monga mmene bambo awo ankachitira ku Kitwe. Ankakumba dothi la pachulu, n'kulisinja, n'kulisefa ndi sefa ya mchenga, n'kuliyala, kenaka kuthirira ndi kugudubuza mgolo mpaka pansi patalimba ngati pakhonde pozira bwino. Mizere ankajambula ndi phulusa losungunula m'madzi. Neti inali yakale, yosokedwa ndi twaini malo ambiri. Amayi a m'dera lathu poyamba ankayesa kuti ndi poyanikira mphale, ndipo mmodzi anafikadi ndi mphasa ndi dengu lake. Anyamoyo anamupatsa mpando ndi tiyi, koma mphale ija inakayanikidwa kutsogolo. Ana tinkawatcha agogo a tenisi, dzina limene ankalikana.

"Agogo ndani? Agogo amathamanga chonchi? Nenani Anyamoyo, mbwenu."

Ine masiku amenewo ndinali ndi vuto langa. Ndinabadwa wamanzere. Kwathu dzanja lamanzere linali la kuchimbudzi: sudyera, superekera moni, sulandirira chinthu kwa wamkulu, ndipo bambo ankawonjezera kuti sulembera. Madzulo ndikakhala patebulo kuti ndilembe ntchito ya kusukulu, ankatenga kansalu kong'amba ku chitenje chakale cha amayi n'kundimanga dzanja lamanzere m'chiuno. Sankamanga mwankhanza. Ankayesa kaye ndi chala ngati mfundo yathina, n'kunena kuti, "Takondwa, ndikukuchitira zabwino. Udzandithokoza." Kusukulu aphunzitsi athu ankamaliza ntchitoyo ndi rula.

Zotsatira zake zinali zoonekeratu. Ndi dzanja lamanja ndinkalemba pang'onopang'ono ngati munthu wolima panthaka youma, zilembo zikugwera uku ndi uku, ndipo belu la mayeso linkalira ndili pakati pa pepala. Mayankho ndinkawadziwa, koma ankathera m'mutu. Sitandade 5 ndinali nditalephera kale kamodzi, ndipo chaka chimenecho ndinkabwereza. Bambo anali atanena poyera, amayi ali pomwepo, kuti ndikalepheranso ndipita ku Dedza kwa azakhali kukathandiza kumunda wa mbatatesi, chifukwa sukulu si ya aliyense. Sananene mokalipa. Ananena ngati mmene ankawerengera malipoti a kuofesi, ndipo n'chifukwa chake ndinadziwa kuti zidzachitikadi.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndikutsuka mbale pathandala, kampira kaja kanadumpha mpanda n'kugwera m'beseni. Kanali kothothoka ubweya, kotuwa ndi dothi, kopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakapukuta ndi diresi n'kukaponya kubwerera osaganiza chilichonse. Kanadutsa pamwamba pa nkhadze, pamwamba pa neti, n'kukagwera kumapeto kwenikweni kwa bwalo.

Kenaka mutu wa Anyamoyo unatulukira pampata wa mbuzi.

"Iwe msungwana, zanga kuno, bwera. Waponya ndi dzanja liti?"

Ndinabisa dzanja kumbuyo. "Pepani."

"Ndakufunsa pepani? Ndati dzanja liti?"

"Lamanzere. Ndinaiwala."

"Unaiwala chiyani?"

"Kuti n'loipa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakwinya manja a juzi yawo mpaka m'zigongono n'kutambasula mikono yonse iwiri patsogolo panga, ngati munthu wogulitsa nzimbe. Sindinaonepo chinthu chotero. Mkono wamanja unali wa mayi wamba wa zaka makumi asanu. Wamanzere unali wonenepa kuposa unzake, wa mitsempha yotukuka, chikhatho chake cholimba ngati chikopa cha ng'oma. Inkaoneka ngati mikono ya anthu awiri osiyana.

"Ili loipali," anatero akugwedeza lamanzere, "ndi limene linandikweza ndege. Ukamaliza mbale ubwere."

Ndinabwera. Raketi imene anandipatsa inali ya thabwa, yolemera, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinaitenga ndi dzanja lamanja monga ndinazolowera pamaso pa akulu, ndipo iwo anaichotsa n'kuiika kumanzere, n'kupinda zala zanga chimodzichimodzi. Anandiimika patsogolo pa khoma n'kuponya mpira. Woyamba ndinauphonya. Wachiwiri unapita padenga. Wachitatu unagunda pakati penipeni pa zingwe, ndipo kunjenjemera kwake kunayenda mumkono mpaka paphewa, kofewa, kokoma, ngati thupi langa layankha funso limene linkadikira kufunsidwa. Mpira unamenya khoma n'kubwerera pamene ndinaima.

"Enya!" anakuwa. "Wamva? Kulira kumeneko ndiko. Bwerezanso."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadutsa pampata wa mbuzi ndikangoweruka kusukulu, bambo asanabwere kuntchito. Amayi ankadziwa, koma ankangoti, "Ine sindinaone kanthu, ndili kumoto." Phunziro linkayamba ndi ntchito: kutunga madzi, kuthirira bwalo, kusesa ndi tsache lofewa, kukankha mgolo, chifukwa Anyamoyo ankati munthu amene sadziwa kusamala bwalo alibe chifukwa choliponda. Pambuyo pake ndiye kumenya. Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka ndi Chibemba cha ku Kitwe, koma zigoli ankawerenga m'Chingerezi cha pakalabu: fifitini, sate, fote, gemu. Akatopa ankakhala pa mgolo, bondo atalikulunga ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, n'kumandiuza za maulendo a pabasi usiku ndi usana, za kugona m'nyumba za anthu osawadziwa kuti asunge ndalama ya mphoto, za kuchapa siketi yoyera imodzi yomweyo madzulo alionse kuti iume pofika m'mawa.

Anandiuzanso chifukwa chimene anzawo ankawaopera. Osewera ambiri ndi a dzanja lamanja, ndipo amazolowera mpira wokhotera mbali imodzi. Wamanzere akamenya, mpira umakhotera mbali inayo, ndipo mdani amathamangira kolakwika.

"Ku Nairobi kunali mzungu wina wamtali ngati mlongoti. Ataona dzina langa pamndandanda anagwira mutu. Akuti, wamanzere uja kachiwiri! Kumudzi ankati dzanja ili n'tsoka. Kubwalo linali chuma."

Chimene chinandivuta kwambiri chinali sevu, mpira woyambira, umene umauponya m'mwamba n'kuumenya kuti ukagwere m'kabokosi ka tsidya lina la neti. Lamulo limapereka mwayi kawiri: woyamba ukalakwa, umaponya wachiwiri, ndipo wachiwiri ukalakwanso, chigoli chapita. Ine woyamba ukagwera mu neti, wachiwiri ndinkangoukankha mwamantha, ndipo nawonso unkagwera momwemo.

"Ukuuopa chiyani?" ankafunsa. "Sevu yachiwiri suiponya ndi mantha. Mantha amafupikitsa mkono. Ponya m'mwamba, tambasuka, maliza."

Nditawauza kuti ndikubwereza Sitandade 5, ndi za munda wa mbatatesi ku Dedza, sanandimvere chisoni monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Ndiye uli pa sevu yachiwiri," n'kundipatsa khala kuti ndizilemba zigoli pakhoma, chifukwa iwo ankaiwala. Ndinalemba ndi dzanja limene linali ndi raketi. Ndinalemba dzina lawo ndi langa, ndi manambala pansi pake, mofulumira, moongoka, ndipo nditatembenuka ndinapeza ataima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno.

"Ndiye akuti sudziwa kulemba ndi iweyo?"

"Ndi dzanja linalo."

"Hmm," anatero.

Bambo anatipeza mwezi wa mayeso utayandikira. Tsiku limenelo anaweruka msanga chifukwa galimoto ya kuofesi inawatula panjira pochokera ku Chikangawa, ndipo atamva mawu anga kuseri kwa mpanda anasuzumira. Anaona mwana wawo wamkazi atakwinyira diresi m'kabudula wamkati, fumbi mpaka m'maondo, raketi kumanzere, ndi khoma lodzaza zilembo za makala. Sanakuwe. Anapereka moni kwa Anyamoyo mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Takondwa, tiye kunyumba." Madzulo amenewo mfundo ya kansalu inathina kuposa masiku onse, ndipo anati kubwalo kuja ndisadzapondekonso. Anati zaka zonse zimene akhala akuwongola dzanja langa zawonongeka m'miyezi iwiri.

Sabata imeneyo phokoso la pho, pho, pho linkamveka monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinkalimvera ndili patebulo, dzanja lili m'chiuno, cholembera chikuterereka m'zala za dzanja lamanja.

Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi, Anyamoyo anafika kwathu. Sanadutse pampata wa mbuzi. Anazungulira kumsewu n'kulowera kutsogolo monga mlendo weniweni, atavala chilundu ndi duku, atanyamula kambale ka mtedza wokazinga. Anaodira, anagwada pang'ono ngakhale bondo linkawawa, n'kupereka kambale kaja kwa amayi ndi manja awiri. Bambo anali pampando wa ndalema pakhonde. Amayi anayala mkeka, ndipo ine ndinakhala pakhomo, theka mkati theka kunja.

Anayamba ndi za kuzizira, za mtengo wa feteleza, za maliro a ku Embangweni. Kenaka Anyamoyo anati, "Bambo a Takondwa, ndabwera kudzapepesa. Ndinatenga mwana wanu osapempha. Kumeneko ndinalakwa."

"Palibe mlandu, amama," anatero bambo. "Kungoti mwanayu tikumukonza. Masewero anuwo akubweza ntchito m'mbuyo."

"Mukumukonza chiyani? Wathyoka pati?"

"Mukudziwa mwambo wathu. Ngakhale kuno ndi chimodzimodzi. Mwana wamkazi wamanzere adzapereka bwanji madzi kwa apongozi ake? Adzatichititsa manyazi."

"Mtedza uja ndapereka ndi dzanja liti?"

Bambo anayang'ana kambale. "Ndi manja awiri."

"Mbwenu. Ine apongozi anga ndinawapatsa madzi zaka zambiri ndi manja awiri, ndipo sanadandaule. Nsima ndimadya ndi lamanja ngati munthu aliyense. Ulemu ndi wa manja awiri, adada. Koma ntchito ili ndi dzanja lake. Cholembera si apongozi."

Amayi anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Bambo sanaseke. Anawerama patsogolo, zigongono pamaondo, n'kulankhula motsitsa mawu. "Amama, ndikuuzeni chinthu. Inenso ndinabadwa choncho. Bambo anga ankandimanga ndi luzi, osati kansalu kofewa aka. Ndinalira, koma ndinachira. Lero ndimalemba malipoti a boma ndi dzanja lamanja, ndipo palibe amene amadziwa. Ngati ine ndinachira, iyenso achira."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinayang'ana amayi, ndipo amayi anayang'ana pansi.

"Munachira?" anafunsa Anyamoyo.

"Kalekale."

"Yewo, tathokoza Chiuta," anatero, akupisa dzanja m'chilundu ngati akufuna mpango. Chimene chinatuluka sichinali mpango. Kampira kaja kanauluka molunjika pachifuwa pa bambo, mofulumira, ndipo bambo anakawakha kasanawagunde. Kampirako kasanaponyedwe, manja awo onse awiri anali opanda kanthu. Limene linanyamuka linali lamanzere.

Nkhuku inadutsa pabwalo. Bambo anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

"Mwandidzidzimutsa," anatero. "Zangochitika."

"Chabwino. Kwathu kubwalo timapereka kawiri. Konzekani, ndikuponyanso. Ndapota, gwirani ndi lamanja."

Anatulutsa kampira kena, anakaonetsa poyera, anadikira kuti bambo aike koyamba pansi ndi kukonzeka. Kenaka anaponya, koma ulendo uno ndi mkono wonse, ndipo kampira kanabwera kakuzungulira. Ndinaona dzanja lamanja la bambo likuyamba kunyamuka, mochedwa, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Lamanzere linali litafika kale.

Amayi analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kugwira pansi. "Abambo, nanga nkhwangwa? Nkhuni zonse za pakhomo pano mumawaza ndi dzanja limenelo. Ine ndimangoona, ndimati n'zanu."

"Iwe, nkhwangwa n'zina."

"Ndi legeni ija munkaphera mbalame tili pachibwenzi?"

Pamenepo bambo anaseka nawonso, kuseka kwa munthu amene wagwidwa akudya ndiwo za mawa, koma kusekako sikunakhalitse. Anayamba kutembenuza kampira m'dzanja, akukafinya ndi kukasiya. Atayambanso kulankhula sanayang'ane aliyense.

"Ndinkajambula," anatero. "Ndili mwana. Ng'ombe, njinga, nkhope za anthu, pansi ndi kamtengo. Anthu ankaima kudzaona. Atandimanga ndinayesa ndi linali, koma ng'ombe zinkatuluka ngati mbuzi. Ndinangosiya."

Anyamoyo anasisita bondo lawo. Kenaka anati, "Inu munali ndi mutu wolimba, munadutsa. Uyu mutu ali nawo, koma nthawi ya mayeso ndi yochepa. Ndaona zimene amalemba pakhoma langa. Mupatseni mayeso awa okha ndi dzanja lake. Akalephera, mbatatesi sizithawa."

Bambo anandiitana. Ndinabwera n'kugwada. Anandiuza kuti nditenge cholembera ndi pepala, ndipo anandilembetsa mawu amene ankanena iwo, chiganizo chachitali cha m'lipoti la mitengo ya paini, choyamba ndi dzanja lamanja, kenaka ndi lamanzere. Anayika mizere iwiriyo pafupi ndi maso, monga ankachitira ndi ntchito ya kuofesi. Bambo anga anali munthu wokhulupirira umboni, ndipo khalidwe limenelo ndinatengera kwa iwo.

"Tamvera," anatero pomaliza. "Kudya, lamanja. Moni, lamanja. Kulandira kwa akulu, manja awiri. Ndikadzakuona ukupatsa munthu chinthu ndi lamanzere, tidzayambana. Cholembera..." anaima pang'ono, "cholembera ndi chinthu chawocho, zili ndi iwe."

"Raketi," anatero Anyamoyo.

"Chomwecho."

Lolemba m'mawa bambo anavala jekete yawo ya misonkhano n'kundiperekeza kusukulu, chinthu chimene anali asanachitepo. Analankhula ndi aphunzitsi panja pa kalasi. Sindinamve zimene anakambirana, koma ndinaona bambo akukweza dzanja lawo lamanzere n'kuliloza, ndipo kuyambira tsiku limenelo rula sinandikhudzenso. Kansalu kaja amayi anakasandutsa chogwirira mapoto.

Tsiku la mayeso, pepala loyamba litaikidwa patsogolo panga, mkono unauma. Ndinaganiza za munda wa ku Dedza ndi mphepo yake. Kenaka ndinamva mawu aja ngati akuchokera kuseri kwa mpanda: ponya m'mwamba, tambasuka, maliza. Ndinapendeketsa pepala monga amachitira amanzere, n'kuyamba. Belu litalira ndinali nditafika pa funso lomaliza, ndipo m'mbali mwa chikhatho changa munali mutada ndi inki chifukwa dzanja lamanzere limadutsa pa zimene lalemba kumene. Ndinathamanga mpaka kwa Anyamoyo kukawaonetsa kudako ngati mendulo.

Sindinakhale nambala wani. Ndinakhoza pakatikati, koma ndinakhoza, ndipo ku Dedza ndinapita pa tchuthi chokha, mbatatesi n'kuzidya zokazinga.

Pa tenisi sindinafike patali, ndipo ndinene zoona: miyendo yanga inali yaulesi, ndipo Anyamoyo ankandiuza zimenezo tsiku lililonse. Ana ena a m'dera lathu anayamba kubwera, ena aluso kuposa ine, ndipo bwalo lija linkadzaza mpaka mipira yonse inatha ubweya. Koma wophunzira amene ankawasangalatsa kwambiri anali wina. Madzulo ena, ataweruka, bambo anadutsa pampata wa mbuzi atavula nsapato za kuofesi, buluku atapinda, akunena kuti angofuna kuona ngati mgolo uja ukufunika kuwotcherera. Anatuluka mdima utayamba, thukuta lili thupi lonse. Ankamenya moipa, mipira yambiri inkagwera m'munda wa anthu, koma ankamenya ndi lamanzere, ndipo ankakuwa ngati mnyamata.

"A Mbewe, mpira si nkhuni!" ankatero Anyamoyo. "Musauwaze, ukankheni!"

Tinachoka ku Mzimba bambo atasamutsidwa, ine ndili ku sekondale. Anyamoyo bondo litawakanika anabwerera kumudzi kufupi ndi Embangweni, ndipo kumeneko ndi kumene anagona. Nditapita ku Boma pa ntchito zaka zapitazi ndinakaona malo aja. Pamene panali bwalo pali nyumba ya lendi, koma mayi amene ndinamupeza akusesa anandiuza, osadziwa kuti ndine ndani, kuti pabwalo pawo n'podabwitsa: ngakhale mvula igwe bwanji, sipachita matope.

Ntchito yanga ndi yolemba mofulumira zimene anthu akunena, ndipo ndaichita zaka zambiri ndi dzanja lomwe lija. Nthawi zina kumudzi, ndikatulutsa cholembera, agogo ena amayang'ana dzanja langa n'kugwedeza mutu. Ndimawapatsa moni ndi lamanja, madzi awo ndimalandira ndi manja awiri, kenaka ndimalemba. Nkhani ikakanidwa ndi mkonzi, ndimailembanso osafupikitsa mkono.

Mwana wanga wamwamuna anayamba kugwira choko chaka chatha, tili kwa bambo ku Dedza kumene anapumira ntchito. Anachitola ndi lamanzere. Azakhali ena amene anali pamkeka anatambasula dzanja kuti amusinthe, koma bambo anawaletsa ndi ndodo yawo.

"Musiyeni," anatero.

Anatsika pampando movutikira, n'kukhala pansi pafupi ndi mdzukulu wawo, n'kumupendeketsera sileti. Kenaka anatola kachidutswa kena ka choko, ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kujambula pasimenti ya pakhonde. Mzere unkanjenjemera, chifukwa dzanjalo lakalamba. Koma mwanayo atasuzumira sanafunse kuti n'chiyani.

"Ng'ombe!" anakuwa.